Kupeza gwero la phokoso ndi kunjenjemera pa Subaru Forester yoyendera magudumu onse anayi

Galimoto yoyendera magudumu onse anayi, monga Subaru Forester imene ambiri timaitanitsa ku Japan itagwirapo kale ntchito, ili ndi khalidwe limodzi limene limawonongetsa eni ake ndalama zambiri: phokoso lake kawirikawiri silimvekera pamalo pamene pali vuto. Mphamvu ya injini ikatuluka m'giyabokosi imagawidwa kumagudumu akutsogolo kudzera mu difu yakutsogolo (bokosi la magiya logawa mphamvu pakati pa gudumu lakumanja ndi lakumanzere), kenako ina imatsata propshaft, chitsulo chachitali chozungulira cha pansi pa galimoto, mpaka ku difu yakumbuyo, ndipo popeza zitsulo zonsezi n'zolumikizana, chimodzi chikayamba kugwedera thupi lonse la galimoto limayankha. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti musagule chitsulo chilichonse musanadziwe chimene chimasintha phokosolo, kaya ndi kuthamanga kwa injini, liwiro la galimoto, kuponda ndi kusiya mafuta, kapena kukhota.

Yambani galimoto itaima. Ikani giya pa nyutulo, kokani handibuleki, ndipo pondani mafuta pang'onopang'ono kuti injini idutse pamlingo umene mumamvera vutolo mukamayenda. Phokoso likabwera galimoto isanasunthe, ma CV joint (mfundo zopindika za pa zitsulo zopititsa mphamvu ku magudumu), propshaft ndi difu zilibe mlandu, ndipo muyang'ane mipira yogwira injini, paipi ya utsi, kapena malata otchinga kutentha pansi pa galimoto, amene akamasuka amalira ngati chitini. Likapanda kubwera, pitani pamsewu wa tala wopanda magalimoto ambiri, fikani pa liwiro limene limaliyambitsa, kenako ikani pa nyutulo kwa masekondi ochepa popanda kuzimitsa injini. Phokoso limene limapitirira injini itatsika mawu n'lochokera ku zinthu zozungulira limodzi ndi magudumu.

Pamenepa ndi pofunika kufatsa ndi matayala, chifukwa ndi pamene galimoto zamtundu umenewu zimasiyana kwambiri ndi zoyendera magudumu awiri. Ambirife tayala likaphulika pa dzenje timagula limodzi lokha, nthawi zina lakale, n'kuliphatikiza ndi atatu otsalawo. Pa Forester zimenezi n'zoopsa, popeza tayala locheperako limazungulira kambiri kuposa anzake pa mtunda womwewo, ndipo chigawo chapakati chogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo chimakhala chikulimbana ndi kusiyanako ulendo wonse mpaka chitatentha n'kuwonongeka. Malire amene amatsatidwa pa Subaru ndi akuti kuzungulira kwa matayala onse anayi kusasiyane kupitirira mamilimita 6. Kulembedwa saizi imodzi, monga 215/60 R16, sikokwanira, chifukwa matayala a makampani awiri osiyana, kapena latsopano ndi lakutha, angasiyane kuposa pamenepo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Popani matayala onse mpweya wolembedwa pa chimata cha pakhomo la dalaivala, imikani galimoto pamalo osalala, ndipo lembani mzere wa choko pansi penipeni pa tayala lililonse. Yendetsani molunjika mpaka tayala limodzi litazungulira ka 10, kenako onani pamene mizere ya enawo yaima. Mzere umene watsogola kapena kutsalira ndi masentimita oposa 6 ukusonyeza tayala limene siliyenera kukhala pa galimotoyo. Muli pomwepo yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala lililonse kuti mumve ngati latha modumphadumpha kapena latupa mbali ina, ndipo musuzumire kuseri kwa rimu, chifukwa m'nyengo ya mvula matope ouma okakamira m'menemo amanjenjemeretsa chiwongolero ngati kuti china chachikulu chathyoka.

Kunjenjemera nakonso kuli ndi mitundu, ndipo thupi lanu lingathe kuisiyanitsa. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, tayala la saizi imene ndatchulayi limazungulira pafupifupi ka 13 pa sekondi, choncho vuto la tayala kapena rimu yopindika limamveka ngati kugwedeza koti mutha kukuona ndi maso pa chiwongolero, makamaka pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola. Propshaft imazungulira pafupifupi kanayi pamene gudumu lazungulira kamodzi, kutanthauza pafupifupi ka 50 pa sekondi pa liwiro lomwelo, ndipo kunjenjemera kwake n'kosalala, kokhala ngati kung'ung'udza pansi pa mpando ndi kumapazi, mwinanso n'kuchititsa kuti zimene zili pa galasi loonera kumbuyo zisaoneke bwino. Kunjenjemera kumene kumabwera pokhapokha mwaponda mabuleki n'kwa ma disiki a mabuleki, ndipo sikukhudzana ndi nkhani ya kagawidwe ka mphamvu.

Tsopano pezani bwalo lalikulu la tala kapena simenti, osati la dothi, chifukwa pa dothi matayala amaterera n'kubisa vuto. Tsitsani magalasi, khotetsani chiwongolero mpaka pothera, ndipo zungulirani pang'onopang'ono, koyamba kumanja, kenako kumanzere, kenakonso chobwerera m'mbuyo. Kulira kwa kuti tha tha tha kotsatana ndi kuzungulira kwa gudumu ndi CV joint yakunja, ndipo nthawi zambiri mudzapeza mpira wake utang'ambika, girizi atamwazika kuseri kwa gudumulo. CV joint yam'kati, yoyandikana ndi giyabokosi, siilira chotero: imagwedeza galimoto mukaponda mafuta mwamphamvu, makamaka pokwera mtunda, n'kusiya mukangochotsa phazi.

Koma galimoto ikamakana kuzungulira, ikamachita ngati wina wakoka handibuleki, matayala akukhulana ndi pansi kapena kudumpha, vuto lili pa chigawo chapakati chija. Pa Forester ya giya yamanja chigawochi chili ndi viscous coupling (kabokosi ka mafuta olimba kogwirizanitsa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo), ndipo ikatha imakonda kugwira galimoto itatentha, mukangofika kumene kuchokera ulendo wautali, m'mawa n'kukhala ngati ilibe vuto. Choncho muyese kawiri, ili yozizira ndiponso ili yotentha. Pa ma Forester ambiri akale a otomatiki ya magiya 4, mphamvu yopita kumbuyo imadutsa pa klatchi yoyendera oyilo, ndipo kufupi ndi injini kuli malo a fyuzi olembedwa FWD. Mukaikamo fyuzi, nyali ya FWD imayaka pa dashibodi ndipo galimoto imayendera magudumu akutsogolo okha. Kugwirako kukatha fyuzi ili m'menemo, solenoid (valavu yamagetsi) yolamulira klatchiyo ikugwira ntchito, ndipo muyambe ndi matayala komanso oyilo wa giyabokosi. Kukapitirira, solenoid kapena klatchi yeniyeniyo ndi imene yawonongeka. Fyuzi imeneyi ndi yoyesera ndi yothandiza mukavala tayala laling'ono la sipeya, si mankhwala, ndipo ndimadandaula ndikaona galimoto yogulitsidwa ili nayo m'kati mwini wake watsopano osadziwa chimene chikubisidwa.

Phokoso la kuti wuuu limene limakula ndi liwiro lingakhale la beringi ya gudumu kapena la difu, ndipo ziwirizi zimasiyanitsidwa motere. Pamsewu wowongoka wopanda anthu, pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola, pendeketsani chiwongolero pang'ono kumanzere kenako kumanja. Kukhotera kumanzere kumalemetsa magudumu akumanja, choncho phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri beringi yakumanja ndi imene yatha. Difu siilabadira chiwongolero koma phazi lanu: imalira mukaponda mafuta n'kusintha mawu kapena kukhala chete mukasiya. Kugunda kumodzi kwa kuti gu kumbuyo posintha giya kapena poyamba kuyenda nthawi zambiri ndi mipira yogwira difu yakumbuyo imene yang'ambika, ndipo ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi difu imene makaniko wopupuluma angakuuzeni kuti mugule.

Mukatsika pansi pa galimoto mukhale mutadziwa kale chimene mukukafuna. Musadalire jeke yokha. Ikani zochirikiza zachitsulo pamalo olimba, ndipo musayendetse magudumu ndi injini pamene awiri ali m'mwamba, awiri ali pansi, chifukwa galimoto yotere imatha kudumpha pa jeke. Pa chifukwa chofananacho siiyenera kukokedwa magudumu awiri okha ali pamsewu. Gwirani gudumu pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza kuti mumve ngati beringi ili ndi mpata, kenako lizungulitseni dzanja lina lili pa sipuling'i, pamene kukhakhala kwa beringi yakutha kumamveka bwino. Propshaft ya Forester ili m'zigawo ziwiri zokhala ndi beringi yapakati yogwiridwa ndi mpira. Ikankheni m'mwamba ndi m'mbali, ndipo muone ngati mpirawo wasweka kapena ngati pa mfundo zake pali fumbi lofiira la dzimbiri. Mukamaimasula, lembani chizindikiro pamene imakumana ndi difu kuti mudzaibwezere mmene inalili.

Chomaliza ndi oyilo wa difu yakumbuyo, amene ambiri sanamuonepo chigulireni galimoto. Masulani kaye bawuti yothirira musanamasule yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo kenako n'kulephera kuthira wina. Pa bawuti yokhetsera pali maginito: phala losalala lotuwa pamenepo si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa tachitsulo tomveka pakati pa zala tikusonyeza kuti mano kapena ma beringi a difu akudyeka. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka walowa madzi, zimene zimachitika galimoto ikawoloka mtsinje wosefukira, ndipo akhetsedwe tsiku lomwelo n'kuthiramo oyilo wa 75W-90 wa mtundu wa GL-5 mpaka atafika pakamwa pa bowo lothirira.