Kuunika makina ovotera chisankho chikakanidwa: poyambira pake ndi misampha yake

Zotsatira za chisankho zikakanidwa, mfuu yoyamba imakhala yakuti makina atsegulidwe, akatswiri aone m'kati. Kuyambira pamenepo n'kulakwitsa. Makina sangadzichitire okha umboni, chifukwa pulogalamu yobera mavoti itha kulembedwa mwakuti ikamaliza ntchito idzifufute. Chimene chimaonetsa wopambana weniweni ndi pepala limene wovota analiona ndi maso ake. N'chifukwa chake kauniuni wabwino amayamba ndi kusunga umboni, kenako kufananiza manambala, kenako kuwerenga mapepala, ndipo kusegula makina kumabwera kumapeto.

Tsekani zonse, musayatse kanthu

Tsiku lomwelo dandaulo laperekedwa, pemphani khoti lilamule kuti pasafufutidwe kalikonse: makina, mamemory card, kompyuta yophatikizira zotsatira, seva yolandira zotumizidwa, mapepala ovotera ndi mafomu osainidwa. Izi n'zachangu chifukwa mabungwe oyendetsa chisankho amafufuta makadi pokonzekera chisankho chotsatira. Ku United States lamulo limati zolembedwa za chisankho cha dziko lonse zisungidwe miyezi 22. Onani nthawi imene lamulo lokhudza chisankho chanucho likunena.

Makina aliwonse alembedwe nambala yake, nambala ya chomatira chilichonse (chotsekera cha nambala chimene chimaonetsa ngati makina anatsegulidwa), ndi mayina a anthu onse amene anawanyamula kuchoka kumalo ovotera mpaka kosungira. Jambulani zomatirazo zisanadulidwe ndipo muyerekeze ndi manambala amene analembedwa usiku wa chisankho. Chomatira chosiyana nambala sichitanthauza kuti mavoti abedwa, nthawi zambiri wina anachidula pochotsa pepala lokodwa, koma payenera kukhala fomu yofotokoza. Fomuyo ikasowa, makinawo aikidwe padera. M'chipinda chosungira asalowe munthu mmodzi yekha. Ndipo makina asayatsidwe "kungoona chabe": kuyatsa kumalemba zatsopano m'malog (mmene makina amalembamo okha zonse zimene zachitika), kumasintha madeti a mafayilo, ndipo mbali yogonja idzanena kuti umboni unasokonezedwa.

Manambala agwirizane

Ntchito iyi siifuna katswiri wa makompyuta, koma ndi imene imagwira zolakwika zambiri. Pamalo ovotera aliwonse, tengani manambala anayi: anthu amene anachongedwa m'kaundula kuti avota, mapepala amene anaperekedwa mutachotsa owonongeka, mavoti amene makina akuti analandira, ndi mapepala amene ali m'bokosi. Kusiyana kwa voti limodzi kapena awiri kumachitika, monga munthu akatuluka ndi pepala lake osaponya. Kusiyana kwa 40 kapena 300 kufufuzidwe.

Onaninso kapepala kamene makina amasindikiza m'mawa kusonyeza kuti aliyense ali ndi mavoti 0, ndi kamadzulo ka zotsatira. Ku Brazil koyambako amakatcha zerésima, ndipo kachiwiri, boletim de urna, amakamata pakhomo pa malo ovotera ndi kupatsako mamonita a zipani. Phatikizani nokha timapepala tamadzuloti ndipo muyerekeze ndi zimene likulu linalengeza, malo ndi malo. Mwa njira imeneyi mumagwira khadi loiwalika kapena lolowetsedwa kawiri. Mu 2020, powerenganso ndi manja mapepala pafupifupi 5 miliyoni m'chigawo cha Georgia ku United States, anapeza m'madera ena makadi amene zotsatira zake sizinalowetsedwe m'kompyuta. Wopambana sanasinthe.

Kuwerenga mapepala mwa maere

Kuwerenga mapepala onse ndi manja kumadya nthawi ndi ndalama, ndipo anthu otopa amalakwitsanso. Njira imene akatswiri a masamu amalimbikitsa ndi risk-limiting audit, imene Philip Stark wa ku yunivesite ya California, Berkeley anayamba kuiyesa mu 2008, ndipo chigawo cha Colorado chinaigwiritsa ntchito m'madera ake pafupifupi onse mu 2017. Mfundo yake ndi iyi: mumatola mapepala mwa maere mpaka umboni utakwana woti wolengezedwayo anapambanadi. Umboniwo ukapanda kukwana, mumapitiriza mpaka mutawerenga onse.

Choyamba gwirizanani malire a chiopsezo maere asanachitike. Mukasankha 5 peresenti, ndiye kuti ngati wolengezedwayo sanapambane, mwayi woti kauniuni athe osazindikira sungapitirire 5 pa 100. Kenako lembani mndandanda wa mabokosi onse ndi kuchuluka kwa mapepala m'bokosi lililonse. Mndandandawu uchokere kwa anthu amene awerenga kapena kuyeza mitoloyo pasikelo, usachokere m'makina amene mukuwakayikirawo. Ukatsekedwa ndi kuperekedwa kwa mbali zonse, ponyani madayisi a mbali 10 pamaso pa anthu kuti mupeze nambala ya madijiti 20; nambalayo ndiyo imalowetsedwa m'pulogalamu yodziwika kwa onse yosankha mapepala, ndipo aliyense atha kubwereza yekha n'kupeza mapepala omwewo. Maere akachitika mndandanda usanatsekedwe, wodziwa mabokosi amene asankhidwa atha kukonza okhawo.

Kuchuluka kwa mapepala kumadalira mpata wa pakati pa opikisana, osati kukula kwa dziko. Ngati makina amasunga mmene anawerengera pepala lililonse palokha ndipo pepalalo lingapezeke m'mtolo, mpata wa 10 peresenti umafuna mapepala pafupifupi 70, ndipo mpata wa 1 peresenti umafuna pafupifupi 700, pokhapokha ngati simukupeza zosiyana. Ngati kufananiza koteroko n'kosatheka ndipo mukungowerenga mavoti a mapepala otoledwawo, mpata wa 10 peresenti umafuna mazana angapo, ndipo wa 1 peresenti umafuna zikwi makumi angapo. Pamenepo n'kwapafupi kungowerenga onse.

Otola mapepala asadziwe mmene makina anawerengera pepalalo, kuopa kuti maso angaone chimene akuyembekezera. Pepala losankhidwa likasowa, musatenge lapafupi nalo; lilembeni ngati voti la wogonja.

Dziko la India limachita mosiyana. Wovota amavota pa makina, n'kuona kapepala ka VVPAT, kosonyeza amene wamuvotera, pagalasi kwa masekondi 7 kasanagwere m'bokosi, ndipo kuyambira 2019, potsatira lamulo la khoti lalikulu, timapepalati timawerengedwa m'malo ovotera 5 pa dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo. Njirayi imagwira makina osokonekera, koma nambala yake siikwera mpikisano ukakhala wa ndiwe ndani, pamene m'pofunika kwambiri.

Tsopano makinawo

Cholinga apa ndi kupeza chimene chinachititsa vuto limene mapepala aonetsa. Katswiri alumikize diski kapena khadi kudzera pa write blocker, kachipangizo koletsa kulembapo chilichonse, akopere zonse mmene zilili, ndipo awerengere hash ya SHA-256 (nambala yaitali imene imasintha kanthu kalikonse kakasinthidwa m'zolembedwazo) ya choyambiriracho ndi ya chokoperacho. Ziwirizi zifanane, zilembedwe ndi kusainidwa ndi mbali zonse. Kafukufuku yense achitike pa zokoperazo.

Yerekezani hash ya pulogalamu ya m'makina ndi ya pulogalamu imene inavomerezedwa chisankho chisanachitike, koma muiwerengere kunja kwa makinawo, pa kompyuta ina. Makina osokonezedwa atha kuonetsa pasikirini nambala yolondola. M'malog yang'anani nthawi yotsegulira ndi yotsekera, amene analowa ndi akaunti ya woyang'anira, zipangizo za USB zimene zinalumikizidwa, ndi mipata imene mulibe cholembedwa. Musanatengeke ndi voti looneka ngati linaponyedwa usiku, onani wotchi ya makinawo, chifukwa batire lake laling'ono likatha deti limasokonekera. Segulaninso chikuto chake muone ngati muli modemu kapena Wi-Fi, zimene zingalumikize makinawo ndi makompyuta ena.

Zambiri zimene zimapezeka si kubera ayi. Kudera la Antrim ku Michigan, United States, mu 2020, pepala lovotera linasinthidwa mochedwa, kompyuta yaikulu inakonzedwa koma makadi ena sanakonzedwe, ndiye mavoti anagwera m'mizere ya anthu ena. Timapepala tosindikizidwa m'malo ovotera tinali tolondola, ndipo kuwerenga ndi manja kunatsimikiza zotsatira zokonzedwa. Ku Carteret, North Carolina, mu 2004, makina anadzaza ndipo mavoti oposa 4,400 anatayika. Kunalibe pepala, choncho sanabwezedwe.

Makina opanda pepala otere ndi ovuta koposa, chifukwa "kuwerenganso" kwake ndi kusindikizanso nambala yomweyo. Khoti loona za malamulo aakulu ku Germany linagamula mu 2009 kuti makina amene anagwiritsidwa ntchito kumeneko anali osemphana ndi malamulo, poti nzika wamba iyenera kutsatira kuwerenga popanda luso lapadera. Mu 2020 khoti lalikulu la Namibia linatsutsanso kuvotera makina opanda pepala, ngakhale silinathetse chisankho cha 2019.

Wogwira makina ndani?

Apa pali maenje awiri. Bungwe likakana kuonetsa, limadzipweteka lokha: ku Kenya mu 2017, kulephera kwa IEBC, bungwe loyendetsa chisankho kumeneko, kutsatira mokwanira lamulo loti itsegule maseva kunali chimodzi mwa zimene khoti lalikulu linaganizira pothetsa chisankho cha pulezidenti. Koma kupereka makina kwa gulu la mbali imodzi n'koopsanso. Kudera la Maricopa ku Arizona mu 2021, makina amene anapita m'manja mwa kampani yopanda chilolezo choyesa zipangizo zovotera sanagwiritsidwenso ntchito, poti panalibe wotsimikiza kuti sanaikidwemo kanthu, ndipo panafunika kupeza ena.

Njira yapakati ndi yakuti makina asachoke m'manja mwa bungwe kapena khoti, ofufuza akhale odziimira paokha, mbali iliyonse itumize katswiri woonerera, ndipo mafunso oyenera kuyankhidwa alembedwe ntchito isanayambe. Zokopera za pulogalamu zisamwazidwe pa intaneti. Samalaninso chinsinsi cha voti: ngati mavoti anasungidwa motsatana ndi mmene anthu anavotera, wokhala ndi kaundula atha kudziwa amene anavotera uje, choncho mndandanda wotere usakanizidwe usanatulutsidwe. Mu lipoti lomaliza, chopezeka chilichonse chilembedwe ndi nambala ya mavoti amene chinakhudza, pambali pa mpata wa pakati pa wopambana ndi wachiwiri wake, pamodzi ndi nambala ya madayisi ndi mndandanda wa mabokosi kuti wofuna kubwereza kauniuniyo athe kutero.