Momwe mungaikire chigamba pa sitima yomwe yadyeka ndi dzimbiri

Sitima ngati Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, imakhalitsa chifukwa cha amisiri odziwa kuchotsa chitsulo chodyeka n'kuikapo chatsopano. Sitima ikakwezedwa pa doko ku Monkey Bay, ntchitoyi imayenda motere.

Musanayatse tochi ya gasi yodulira chitsulo, onani zomwe zili kuseri kwa chitsulocho. Ngati kuli thanki ya mafuta, itsukidwe ndipo mpweya wake upimidwe kaye, apo ayi iphulika.

Gogodani ndi nyundo, pimani kukhuthala kwa chitsulo, kenako lembani ndi choko mpaka pomwe chili cholimba. Chigamba chisachepere mamilimita 300 mbali zonse, ndipo makona ake akhale ozungulira. Mng'alu umayambira pa kona yosongoka. Podula samalani nthiti za sitima, zitsulo zamkati zomwe zimalimbitsa khoma lake.

Jambulani bowolo pa pulayiwudi, ndipo muduleko chitsulo chatsopano cha mtundu ndi kukhuthala kofanana ndi chakale. Ndi gulayinda, sendani m'mphepete mwa zitsulo zonse ziwiri mopendeketsa madigiri 30, ndipo pakati pake pasale mpata wa mamilimita 2 kapena 3. Mpata ukachepa moto sulowa mpaka kuseri, ukakula chitsulo chimabooka.

Apa ndiye pagona luso. Chigamba chikhale mulingo umodzi ndi khoma la sitima, chala chikadutsa pamkumano chisakodwe. Wotchererani tizitsulo topingasa togwiriza, kenako wotchererani timadontho pang'onopang'ono kuzungulira.

Malodi owotcherera akhale a mtundu wa E7018 owumitsidwa mu uvuni. A E6013 omwe timapangira mageti asiyeni. Lodi yonyowa imasiya timabowo mkati, ndipo pakapita nthawi mkumano umang'aluka.

Musawotcherere mozungulira ulendo umodzi, chifukwa chitsulo chikamazizira chimakokana n'kupindika. Wotchererani zigawo zazifupi, uku pang'ono, mbali inayo pang'ono, mukugogoda makoko musanaonjezere mzere wina. Mukamaliza, pitani kuseri, kumbani mkumanowo ndi gulayinda mpaka chitsulo chiwale, n'kuwotchereranso.

Poyesa, pakani choko chosungunula m'madzi kunja, chiume, kenako pakani palafini mkati. Pakaoneka banga pa chokocho, pamenepo pakudontha: kumbani, bwerezani. Woyendera sitima akavomereza, chotsani tizitsulo tija, salazani zipsera, pukutani palafini yense ndipo pakani penti yoteteza dzimbiri tsiku lomwelo.