Kumanga chimbudzi chimene okalamba ndi olumala angathe kupitako okha

M'midzi yambiri ya ku Chipata, Katete ndi Chadiza mabanja anamvera langizo lokumba zimbudzi, koma zambiri zimamangidwa poganizira munthu wa mawondo olimba amene amanyonyomala ndi kudzuka popanda chogwirira. Agogo odwala nyamakazi, mayi wodwala pakati, ndi munthu amene anafa ziwalo mbali imodzi amavutika nacho chimbudzi chotere, moti ena amachepetsa dala kumwa madzi madzulo poopa kudzutsa ana usiku. Dziko la Zambia lili ndi lamulo la 2012 loteteza ufulu wa anthu olumala, koma palibe wa boma amene adzabwere kudzayeza chitseko cha pakhomo panu. Ntchitoyi ndi ya banja.

Musanaitane womanga, yambani ndi mwiniwake, wokalamba kapena wolumala amene azigwiritsa ntchito chimbudzicho. Apatseni mpando, akhale ndi kuimirira kangapo inu mukuyang'ana, ndipo pamene dzanja lawo likufunafuna chogwira ndi pomwe padzakhale chogwirira. Ambiri amadumpha zimenezi chifukwa cha manyazi okamba za kuchimbudzi ndi makolo kapena apongozi, koma chogwirira choikidwa mongoganizira chimangokhala chopachikapo nsanza.

Pokhalira pakhale potalika masentimita pafupifupi 45, pomangidwa ndi njerwa zootcha n'kusalazidwa ndi simenti kuti pazitsukika mosavuta. Ngati simenti yavuta, boolani pakati mpando wakale wathabwa, muziuika pamwamba pa dzenje ndi kuuchotsa ena akafuna kulowa. Dziwani kuti njerwa zimawonjezera kulemera, choncho kumene dothi lili lamchenga, makamaka kufupi ndi madambo, dzenje liyalidwe njerwa m'mbali kuti lisagumuke mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale. Zogwirira za nsungwi kapena bulugamu zizikidwe mozama, ndipo muziziyesa pozigwedeza mwezi uliwonse, pakuti chiswe chimadya m'kati kunja kukuoneka bwino.

Khomo likhale lotambalala masentimita 90 kuti njinga ya olumala idutse, ndipo chitseko chizitsekukira kunja. Chifukwa chake n'chakuti munthu akagwa m'katimo thupi lake limatsekereza chitseko chotsekukira m'kati, othandiza n'kulephera kulowa. M'malo mwa sitepe konzani pokwerera potsetsereka pang'onopang'ono: pa sentimita iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a m'litali, kutanthauza kuti sitepe ya masentimita 15 ifuna pokwerera pa masentimita 180.

Chimbudzi chisayandikire chitsime kuposa mamita 30, komanso chisatalikire nyumba yogona. Njira yake ikhale yosalala, yopanda mizu, ndipo kwa amene maso anachita khungu mangani chingwe pa timitengo kuchokera pakhonde mpaka pachitseko. Kanyale ka sola kopachikidwa pakhomo kamathandiza usiku kuposa tochi, imene imatenga dzanja lofunika kugwira ndodo.

Chigubu chosambira m'manja chopondera ndi phazi n'chabwino kwa ambiri, koma wokhala panjinga sangachiponde. Mutsitsireni chigubucho kufika pachifuwa pake atakhala, mumange chingwe chokoka ndi chigongono, ndipo sopo kapena phulusa zikhale pamene angafikire osawerama.