Kukulunga mwala ndi waya wa kopa osauboola

Pamafunika waya wamitundu iwiri: wokhuthala wa 0.8 mm womangira chimango, ndi woonda wa 0.3 kapena 0.4 mm wolukira. Yezani kuzungulira mwalawo ndi ulusi, muwonjezerepo masentimita 20, mudule mawaya atatu okhuthala a utali womwewo. Agonekeni moyandikana, osapingasana, muwagwire ndi tepi yapepala, kenako muwamange ndi waya woonda pamalo atatu: pansi ndi m'mbali zonse ziwiri. Mukawapinda mozungulira mwalawo, wapakati umatsata m'mphepete mwa mwala. Wakutsogolo ndi wakumbuyo mumaupindira mkati pang'ono kuti mwala upanike.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: kopa amauma akamapindidwa. Mukapinda n'kuwongola kangapo pamalo amodzi, amathyoka, nthawi zambiri ntchito ili pafupi kutha. Ganizani kaye, mupinde kamodzi. Waya wolukira usapitirire mita imodzi, chifukwa wautali umapotana timfundo, ndipo kamfundo mukakakoka kamaduka. Kamasuleni ndi zala kasanathine. Mano a pulayala akulungeni ndi tepi kuti asasiye zipsera. Nsonga iliyonse muisalaze ndi fayilo n'kuibisa kuseri, kuopa kukanda khungu ndi kukola zovala.

Muudziwenso mwala wanu. Amethyst, ngati wa ku Zambia uja, ndi wolimba, 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, ndiye ndi wabwino kuphunzirirapo. Malachite safika n'komwe pa 5: pulayala imamukanda, ndipo madzi a mandimu otsukira kopa amamudya. Tsukani waya musanaikemo mwala.