Kusankha mmisiri ndi kumulipira powonjezera chipinda kuseri kwa nyumba

Pezani makoteshoni atatu, onse owerengeredwa pa pulani imodzi yomwe khonsolo yavomereza. Musathamangire mtengo wolembedwa pansi penipeni. Onani mzere uliwonse: matumba a simenti a 50kg ndi angati, malata ndi a geji 28 kapena 30 wopyapyala uja, zitsulo za ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma) ndi Y12 (zonenepa mamilimita 12) kapena zocheperapo, pulasitiki yoletsa chinyontho pa fawundeshoni ilipo kapena ayi. Wotchipa kwambiri kawirikawiri amakhala atasiya china, ndipo amadzachitchula ntchito ili pakati. Mufunseninso mmisiri momwe adzalumikizire khoma latsopano ndi lakale, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo.

Ndalama za zipangizo zilembedwe padera ndi za ntchito.

Osalipira zonse poyamba. Lipirani ntchito yomwe mwaiona ndi maso: fawundeshoni ikatha, khoma likafika pa ring'i bimu, denga likafoleredwa, pulasitala ikatha. Sungani 5 kapena 10 peresenti mpaka mvula itagwa, muone ngati polumikizira madenga sipakudontha. Zonsezi zilembedwe ndipo musainirane pali mboni. Ntchito yowonjezera isayambe musanagwirizane mtengo wake.