Tsamba loyendetsera Proxmox likakana kutseguka, musathamangire kuika zonse mwatsopano

Lolemba lina m'mawa ndinaitanidwa ku kaofesi komwe ndimathandizako za makompyuta. Magetsi anali atazima Loweruka usiku, ndipo tsamba loyendetsera seva yawo ya Proxmox silinkatsegukanso. Ndinapeza mnyamata wa pamenepo atanyamula kale flash kuti aike pulogalamu yonse mwatsopano. Ndinamuuza kuti aiike kaye m'thumba, chifukwa pa nthawi yomweyo amayi a ku akaunti ankagwira ntchito bwinobwino pa pulogalamu yomwe imayenda m'seva yomweyo.

Proxmox VE ndi pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo ongoyerekezera m'kati mwa seva imodzi. Kampani ya ku Vienna m'dziko la Austria inayamba kuitulutsa mu 2008, ndipo imakhala pamwamba pa Debian, mtundu wina wa Linux. Tsamba lomwe mumaona mu bulawuza limaperekedwa ndi kapulogalamu kotchedwa pveproxy, kamene kamamvetsera pa port 8006. Makompyuta a m'kati aja, ma VM, amayenda paokha. Tsamba likafa, nthawi zambiri iwo amakhala ali moyo, ndiye musazule chingwe cha magetsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambirani pa zophweka. Adiresi iyambe ndi https ndipo ithere ndi :8006, mwachitsanzo https://192.168.1.10:8006. Bulawuza ikachenjeza kuti siikuikhulupirira satifiketi, seva yayankha. Proxmox imadzipangira yokha satifiketi, choncho pitirirani. Ikangozungulira osabweretsa kanthu, lembani `ping 192.168.1.10` pa kompyuta yanu. Seva ikayankha, lowanimo muli pa kompyuta yanu ndi `ssh root@192.168.1.10` (root ndi akaunti yaikulu ya seva). Ikakhala chete, nyamulani sikirini ndi kiyibodi mupite pomwe pali sevayo.

Mukalowa, lembani `ip a` kenako `cat /etc/network/interfaces`, muyerekeze ziwirizi. Adiresi ya seva imakhala pa vmbr0, mlatho wolumikiza seva ndi ma VM ku netiweki, ndipo mzere wa `bridge-ports` umatchula dzina la khadi ya netiweki yomwe chingwe chalowamo. Dzinali limatha kusintha munthu akaonjezera khadi ina kapena disiki ya NVMe: yomwe inali enp3s0 imadzuka ili enp4s0, fayilo n'kumaitanabe dzina lakale. Konzani fayiloyo ndi kapulogalamu kolembera ka `nano`, musunge, kenako `ifreload -a`. Chinanso chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusintha rauta. Yatsopano ikamagawa maadiresi a 192.168.8, seva ili pa 192.168.1, siziwonana. Sinthani mizere ya `address` ndi `gateway`, ndipo musaiwale kulemba adiresi yatsopanoyo mu /etc/hosts.

Netiweki ikakhala bwino, funsani timapulogalamu titatu: `systemctl status pve-cluster pvedaemon pveproxy`. Ambiri amathamangira kudzutsa pveproxy kambirimbiri, pomwe wodwala ndi pve-cluster. Iyeyu ndiye amabweretsa foda ya /etc/pve, momwe muli makonzedwe a ma VM ndi masatifiketi. Mukalemba `ls /etc/pve` n'kupeza mulibe kanthu, mtima usagunde. Zonse zimasungidwa mu /var/lib/pve-cluster/config.db ndipo zimabwerera pve-cluster akadzuka. Werengani chomwe akudandaula ndi `journalctl -u pve-cluster -b`. Kawirikawiri amakhala atalephera kupeza adiresi ya dzina la seva yomweyo. Dzina lomwe `hostname` ikuonetsa liyenera kupezeka mu /etc/hosts moyang'anizana ndi adiresi yeniyeni ya seva.

Tsopano disiki. Lembani `df -h`, muyang'ane mzere wa `/`. Ku kaofesi kaja panalembedwa 100%. Ma backup awo ankapita pa disiki ya USB yolumikizidwa pa foda ina ya mu /mnt. Magetsi atabwera, seva inadzuka koma disikiyo sinalumikizike, foda n'kutsala yopanda kanthu. Lamlungu usiku nthawi ya backup itakwana, Proxmox inangolemba m'foda momwemo, kutanthauza pa disiki yaikulu, mpaka inadzaza. Lamulo la `du -xh / --max-depth=3 | sort -h | tail` linaonetsa pomwe panali katunduyo. Pezani mpata pang'ono kaye ndi `apt clean` ndi `journalctl --vacuum-size=200M`, kenako onani ma backup akale mu /var/lib/vz/dump ndi mafayilo a ISO mu /var/lib/vz/template/iso. Za mu /var/lib/vz/images musazikhudze, mumakhala madisiki a ma VM. Fayilo ya config.db ija nayonso isiyeni.

Mukachotsa chotchinga, dzutsani motsatana: `systemctl restart pve-cluster`, kenako `systemctl restart pvedaemon pveproxy`. Izi sizizimitsa ma VM. Malamulo a `qm list` ndi `pct list` akutsimikizirani. Yesani tsambalo muli pa seva pomwepo ndi `curl -k https://localhost:8006`. Likabweretsa mizere ya HTML koma pa kompyuta yanu likukanabe, kaikirani firewall, mlonda yemwe amasankha zololedwa kufika pa seva. Lembani `pve-firewall stop`, lowani, konzani malamulo kuti port 8006 ilole komwe mukuchokera, ndiye muibwezere ndi `pve-firewall start` nthawi yomweyo. Kuisiya yozima kuti mudzakonza mawa, mawalo silifika.

Ngati `journalctl -u pveproxy` ikunena za satifiketi kapena kiyi, lembani `pvecm updatecerts --force` n'kudzutsanso pveproxy. Ngati munaikapo satifiketi yanu yomwe yasokonekera, `pvenode cert delete` imaichotsa, seva n'kubwerera ku yake ija.

Pena tsamba limatseguka koma likukana pasiwedi. Onani bokosi la Realm pa tsamba lolowera: polowa ngati root musankhe Linux PAM. Pasiwedi yoiwalika imasinthidwa ndi `passwd` ngati mudakali ndi njira ina yolowera. Onaninso wotchi ndi `timedatectl`. Tikiti yolowera, chilolezo chomwe seva imakupatsani mukalemba pasiwedi, imakhala maola 2, ndipo seva yakale yomwe kabatire ka pa bolodi kanatha imatha kudzuka ndi tsiku lolakwika magetsi akazima. Amene muli ndi maseva angapo olumikizidwa ngati gulu limodzi (cluster), `pvecm status` ikuuzani ngati quorum ilipo, kutanthauza ngati maseva opitirira theka akuonana. Ikasowa, /etc/pve salola kulembamo. Kuli lamulo la `pvecm expected 1`, koma ine sindiligwiritsa ntchito ndisanaone ndi maso kuti maseva enawo ndi ozima, chifukwa awiri akamalemba aliyense payekha makonzedwe amasemphana.

Ku kaofesi kaja tinafufuta ma backup osokerawo tisanalumikizenso disiki ya USB, popeza ikalumikizika imawaphimba ndipo saonekanso ngakhale akudya malo. Kenako tinalemba `pvesm set` ndi dzina la storage (malo osungirako ma backup aja mu Proxmox), kutsatiza `--is_mountpoint yes`, kuti Proxmox izikana kulemba pamenepo disiki ikakhala palibe. Tiyi wa 10 koloko asanafike tsamba linali litatseguka, ndipo flash ija inabwerera m'dirowa.