Momwe Ankhoswe Angathandizire Anthu Osiyana Chipembedzo Kumvana pa Nkhani ya Chikondi

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga m'dziko la Mozambique, ngakhalenso ku Moatize kumene migodi ya malasha yasonkhanitsa anthu ochokera kutali, si zachilendo kuona Mkatolika akufunsira mbeta mtsikana wa mpingo wa Reformada, kapena Msilamu akufuna kumanga banja ndi Mkhristu, pamene agogo a mmodzi mwa iwo akadathirabe nsembe kwa makolo. Ankhoswe ambiri amangofunsa ngati awiriwo akukondana, ndipo akamva kuti inde amathamangira tsiku la chinkhoswe. Funso limeneli silikwanira, chifukwa aliyense anaphunzira za chikondi m'chipembedzo chimene anakuliramo, ndipo zimene adzayembekezere kwa mnzake m'banja zidzachokera komweko.

Yambani ndi kucheza ndi aliyense payekha musanawakhazike pamphasa imodzi. Mufunseni zimene chikhulupiriro chake chimalamula munthu wokonda mnzake kuchita, ndipo mumuleke afotokoze yekha, pakuti palibe amene amakondwa kumva chipembedzo chake chikulongosoledwa ndi munthu wakunja. Inunso muyenera kudziwiratu maziko a ziphunzitsozo kuti mumve bwino zimene akunena.

Mkhristu adzakuuzani kuti chikondi chimayambira kwa Mulungu, monga 1 Yohane 4:8 amanenera kuti Mulungu ndiye chikondi, ndipo kuti chimaonekera m'kudzipereka, pakuti Aefeso 5:25 amalamula amuna kukonda akazi awo monga Khristu anakondera mpingo nadzipereka chifukwa cha iwo. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya mu 2005, anafotokoza kuti kukhumbana kwa mwamuna ndi mkazi si chinthu chochikana, koma chiyenera kuyeretsedwa kuti chikhwime n'kukhala kudzipereka. Apa funsani za mpingo weniweni wa munthuyo. Akatolika amatenga ukwati wa anthu awiri obatizidwa kukhala sakramenti lomangidwa kufikira imfa, ndipo wofuna kukwatirana ndi wosabatizidwa amafunika chilolezo cha episkopi komanso kulonjeza kuti adzayesetsa kubatiza ana. A Reformada amauona ngati pangano lopatulika, koma sautcha sakramenti.

Msilamu adzakutengerani ku Korani 30:21, pamene pamati Mulungu anakulengerani anzanu a m'banja kuti mupeze mpumulo mwa iwo, ndipo anaika pakati panu chikondi ndi chifundo. Ine ndimaona kuti kuika chifundo pambali pa chikondi ndi nzeru yakuya imene nkhoswe wa chipembedzo chilichonse ayenera kuigwiritsa, chifukwa matenda kapena njala zikalowa m'nyumba, chifundo ndicho chimasunga banja pamene kutentha kwa masiku oyamba kwazirala. M'Chisilamu ukwati ndi pangano lokhala ndi maudindo omveka. Mahari, omwe ndi chuma chimene mwamuna amapereka pa ukwati, amaperekedwa kwa mkazi mwiniwake, mosiyana ndi lobola wa Angoni a ku Angónia amene amalandira ndi makolo, ndipo kusamvetsa zimenezi kumayambanitsa mabanja ukwati usanayambe n'komwe. Dziwaninso kuti mwamuna wa Chisilamu amaloledwa kukwatira Mkhristu, pamene mashehe ambiri salola mkazi wa Chisilamu kukwatiwa ndi munthu wa chipembedzo china. Musawabisire awiriwo mfundo imeneyi poopa kuwakhumudwitsa.

Makolo a mbali zonse akauma mtima, zimathandiza kuwakumbutsa za anthu amene anazama kwambiri m'mapemphero. Rabia wa ku Basra, mayi wa Chisilamu amene anamwalira cha m'ma 801, ankaphunzitsa kukonda Mulungu mosaopa moto komanso mosafuna mphotho ya paradizo. Yohane wa Mtanda, wansembe wa ku Spain amene anamwalira mu 1591, analemba za mzimu wa munthu wofunafuna Wokondedwa wake mu mdima wa usiku, utasiya zonse zimene unkadalira. Onsewa anafika pa chikondi chosawerengera malipiro. Koma musawagwiritse ntchito ponena kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi, chifukwa mukatero mbali zonse ziwiri zidzaona kuti mwapeputsa chikhulupiriro chawo.

Musaiwale mwambo wa makolo, umene uli m'mitima ya awiriwo ngakhale atakhala opemphera chotani. Kwathu chikondi chimayesedwa ndi miyendo ndi manja, ndipo sichithera pa mwamuna ndi mkazi okha, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mkamwini amene saphonya mapemphero koma osagona pasiwa apongozi ake atamwalira, mudzi wonse udzati alibe chikondi. Mtengwa amene wafika pamaliro m'mamawa atasenza lichero la ufa ndi mtolo wa nkhuni, ameneyo alandiridwa ngakhale asakuimba nawo nyimbo za mpingo wa eni maliro.

Mukamva zonsezi, akhazikeni pamodzi pamaso pa atsibweni a mbali zonse, ndipo nkhani muitsitse pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Ana adzabatizidwa kapena adzapita ku madrasa? Nyama ya nkhumba ndi mowa zidzalowa m'nyumba? M'mwezi wa Ramadani, amene sasala adzamuthandiza bwanji mnzake? Mmodzi akamwalira, adzaikidwa ndi mwambo uti, ndipo wotsalayo adzachita nawo za kumeta? Funso la mitala lifunseni poyera osachita manyazi, chifukwa Korani 4:3 imalola akazi mpaka anayi ngati mwamuna angathe kuwachitira chilungamo, pamene mipingo ya Katolika ndi Reformada imakaniza.

Lamulo la mabanja la dziko la Mozambique la mu 2004, lomwe linakonzedwanso mu 2019, limazindikira ukwati wa ku boma, wa chipembedzo ndi wa pachikhalidwe, koma wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, onse okwanitsa zaka 18. Choncho zimene agwirizana zilembedwe, nkhoswe wa mbali iliyonse asunge pepala lake, ndipo awiriwo akaonane ndi abusa, ansembe kapena shehe asanakalembetse ukwati wawo ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati.